Dumpha, Dumpha, Baya

Kugoba ngalande pa mzati wozungulira kulibe matsenga, ngakhale anthu akauona utaima pakhomo la hotela amayesa wachokera kunja. Mzati umaugoneka m'bokosi lalitali lopanda chivundikiro. Lathu limafanana ndi la maliro, moti makasitomala ena amabwerera pakhomo. Umaupana kumutu ndi kumiyendo kuti uzitha kutembenuka. Kumutuko kuli gudumu lachitsulo la mabowo 36, ndi msomali wolitsekera kuti lisasunthe. Pamwamba pa bokosi pamayenda rauta, makina a kampeni kozungulira mwaukali, amene amagoba ngalande kuchokera kumutu mpaka kumiyendo. Ukamaliza imodzi umazula msomali, kutembenuza gudumu, kudumpha mabowo awiri, kubaya lachitatu. Dumpha, dumpha, baya. Ukatero kakhumi ndi kawiri, ngalande yomaliza imakhala pafupi ndi yoyamba mwaulemu wake, ndipo timisana totsala pakati pa ngalandezo timakhala tofanana tonse.

Ukaphonya bowo limodzi lokha, basi. Thabwa si nsalu yoti usokanso.

Ine amanditchula kuti a Sikweya, dzina la chida choyezera ngodya. Dzinali sindinalipemphe. Linayamba ngati miseche, chifukwa ndinkabweza chitseko chikapendama ndi kachikhadabo kokha, koma ndinalilandira ndi manja awiri mpaka linalembedwa pa chikwangwani cha shopu. Ndili ndi zaka 61. Nkhaniyi ndikuifotokoza lero chifukwa m'mawa uno mutu ukadali wanga, ndiye ndikabwereza pena mundipirire.

M'shopumo tilimo awiri: ine ndi alamu anga, mlongo wake wa mayi akunyumba, munthu wa imvi zake amene tagwira naye zaka makumi awiri. Iwowo ndi a Wailesi. Akayamba kuyankhula m'mawa amazimitsidwa ndi loko wa pachitseko madzulo. Manja ali nawo, ndisawanamizire. Kupala, kulumikiza, kuzunguza mtengo mpaka ukhale mzati, zonsezo amatha. Koma pa rauta ndinawaletsa kalekale. Akafika kumapeto kwa ngalande amakhala ali pakatikati pa nkhani ya mpira, ndiye amachedwa kukweza makina, kampeni n'kupsereza thabwa, kusiya kadontho kakuda.

“Alamu, inu mumasaina ndi moto,” ndinkawauza choncho.

“Koma ndiye aliyense adziwe kuti ndinadutsapo,” iwo ankayankha akuseka.

Pakona ya shopu, kuseri kwa matabwa otsala, paima mzati wina wakale wopanda vanishi, mbali imodzi itayang'ana kukhoma. Umenewo ndi wa bambo anga. Shopuyi inali yawo, ndipo nyimbo ya dumpha, dumpha, baya anandiphunzitsa ndi iwo, ena mwa mawuwo ndi khofi m'mutu. Tsiku lina, ine ndili ndi zaka makumi atatu, anagoba mzati umenewo n'kuutulutsa m'bokosi. Pena panali kamsana kopyapyala ngati mpeni, pena chimsana chotambalala ngati chikhatho. Anadumpha bowo limodzi m'malo mwa awiri. Anauyang'ana nthawi yaitali, kenako anaunyamula okha n'kukauimika pakonapo, choipacho chitayang'ana kukhoma.

Chimenecho chinali chiyambi chabe. Chaka chisanathe ankaika pulena mufiriji. Ankatuluka kukagula misomali n'kubwezedwa ndi anthu achifundo atawapeza ataima pamphambano, chipewa chili m'manja. Tsiku lina ndinawapeza atagwira rauta ikulira, chala chili pafupi ndi kampeni, akuiyang'ana ngati nyama yachilendo. Mawa lake ndinalawirira, ndinamasula pulagi ya makinawo, ndinachotsa fyuzi, n'kumanganso bwinobwino. Iwo atafika anayatsa, zii.

“Bambo, makinawa afa,” ndinawauza. “Podikira amakanika, bwanji muzisalazako matabwawa?”

Anatola pulagi ija, anaisisita ndi chala chachikulu, n'kuiika pansi.

“Makina amafa, mwanangu. Ndipatse sandipepayo.”

Zaka ziwiri zomaliza za moyo wawo anazithera pa kampando pakhomo, akusalaza thabwa limodzi lomwelo mpaka linapyapyala ngati chikuto cha buku. Kumapeto ankandifunsa kuti ndine mwana wa yani. Fyuzi ija ndinaisunga m'kabokosi ka machesi, m'dirowa ya benchi, ndipo ilimo mpaka lero. Ndinkadzitonthoza kuti sanazindikire kanthu, mutu unali utapita kale. Nkhaniyi sindinauzepo munthu, kupatula a Wailesi, tsiku lina masana magetsi atazima, titakhala pabenchi kusowa chochita.

Tsono mwezi wathawu tinalandira ntchito ya mizati isanu ndi umodzi, ya chipinda chodyera cha hotela ina yatsopano. Mtengo wake wolimba, wofiirira, wouma zaka zambiri, wa mtundu umene suupezanso mwachisawawa. Inayi inali itatha, itakutidwa mabulangete akale, itagona pa mashelefu. Lachiwiri m'mawa tinagoneka wachisanu m'bokosi.

Zinkayenda bwino. Utuchi unkauluka, a Wailesi ankapala miyendo ya tebulo kwinaku akundifotokozera za mnansi wawo amene anagula galu woopa nkhuku. Ndinagoba yoyamba, yachiwiri, mpaka yachisanu ndi chiwiri. Ndinazimitsa makina, ndinapita kumutu, ndinazula msomali, ndinayamba kutembenuza gudumu.

Kenako m'mutu munangoti mbee.

Sindikudziwa ndingakuuzeni bwanji. Sikunali kuiwala kwa masiku onse, kwakuti kodi pensulo ndaika pati. Ndinaona dzanja litagwira msomali, ndipo sindinadziwe kuti msomaliwo ndi wachiyani. Ndinaona chitsulo cha mabowo, bokosi, mtengo utagona m'menemo, koma zonsezo zinalibe mayina. Rauta inali ikumalizira kulira kwake, kutsika pang'onopang'ono, ndipo ndinkamvera phokosolo ngati likuchokera kunyumba ya eni.

Kaya zinatenga nthawi yaitali bwanji. Zinthu zinabwerera chimodzichimodzi: uwu ndi msomali, ili ndi gudumu, ino ndi shopu ya bambo. Koma kuti ndadumpha mabowo angati, zimenezo sizinabwerere.

Chinandiopsa kwambiri ndi bata. A Wailesi anali atasiya nkhani ya galu pakati. Anaima ndi pulena m'manja, akundiyang'ana.

Mmisiri wanzeru akanabweza gudumu mpaka pa ngalande yomwe wangomaliza, n'kuyambanso kuwerenga. Ndi ntchito ya kamphindi. Koma kutero pamaso pa alamu kunali kuvomera kuti a Sikweya asokonezeka, ndipo ine ndinabadwa ndi khosi louma.

“Mukuyang'ana chiyani, alamu? Pankhope panga alembapo nyuzi?”

“Ayi, ndimangopumitsako pakamwa.”

“Ndiye lero kugwa mvula.”

Ndinabaya msomali pa bowo limene linali patsogolo panga, ndinayatsa makina. M'bokosi umaona msana wa mzati wokha, zam'mbali zimabisika ndi matabwa ndi utuchi, ndiye ndinapitiriza osayang'anitsitsa. Ndinene zoona, sindinafune kuyang'ana. Ndinkayimba nyimbo ya bambo mokweza, dumpha, dumpha, baya, ngati mwana wodutsa pamanda.

Nditamaliza yakhumi ndi chiwiri, a Wailesi anavula epuloni n'kunena kuti akukagula guluu. Guluu anali wodzaza chitini pashelefu, koma ine ndinangothokoza mumtima kuti achoke. Atangotuluka ndinazula msomali, ndinapukuta utuchi, n'kuyamba kutembenuza mzati pang'onopang'ono, zala zikuyenda pa timisana. Kofanana, kofanana, kofanana. Kenako chala chinagunda kamsana kakuthwa, kopyapyala, koti ukakanikiza kathyoka. Ndinapitiriza kutembenuza. Pakati pa ngalande yomaliza ndi yoyamba panali chimsana chotambalala ngati chikhatho.

Ndinakhala pansi pa utuchi, ine munthu wamkulu, n'kumamva mtima ukugunda m'makutu. Sindinkaganiza za hotela, kapena za mtengo wovuta kupeza. Ndinkaona kampando pakhomo ndi thabwa lopyapyala lija.

Mzati wotere timaunyamula awiri. Ndinaunyamula ndekha, msana ukulira, n'kuukwakwaza mpaka pakona. Ndinauimika pafupi ndi wa bambo, choipacho chitayang'ana kukhoma, ndinaufunditsa chiguduli. Nditabwerera m'mbuyo kuti ndione ngati wabisika, ndinaona mizati iwiri itaima limodzi, wamkulu ndi mwana wake. Ndinatuluka panja msangamsanga.

Masana ndimakadya kunyumba, ndi mtunda wa misewu itatu. Tsikulo ndinayenda ndikudziyesa mayeso. Ndinatchula ana anga onse anayi ndi zaka zawo zobadwa, ndinakhoza. Ndinatchula aphunzitsi anga a ku pulayimale, ndinakhoza. Nambala ya foni ya mayi akunyumba ndinainena chobwerera m'mbuyo. Pofika pa geti ndinali nditayamba kulimba mtima. Munthu amaphonya, ndinadziuza, ngakhale wansembe amalakwitsa vesi.

Mayi anandilandira ndi madzi osamba m'manja monga mwa masiku onse. Tinakhala patebulo la kukhitchini limene ndinawapangira chaka chimene tinakwatirana.

“Wachisanu uja watha, bambo?”

Za kushopu safunsa kawirikawiri. Amati nkhani za matabwa zimawalowetsa utuchi m'makutu.

“Watsala pang'ono,” ndinanama.

Anangogwedeza mutu, maso ali m'mbale. Nditadya ndinatambasula dzanja kuti nditenge botolo la mankhwala a kuthamanga kwa magazi pawindo. Anandigwira pamkono mofatsa.

“Mwamwa kale m'mawa, bambo. Ndi kamodzi patsiku.”

“Ndikudziwa. Ndimafuna ndione ngati atsala ambiri.”

Pamenepo ndi pamene ndinaona timapepala. Tinalipo kwa miyezi, tomatidwa pa zitseko za kabati: makapu, shuga, mbale, machesi. Mayi ananena kuti n'ta mdzukulu wathu, aziphunzirirapo kuwerenga. Koma mdzukuluyo anabwerera kwa makolo ake sukulu isanatsegulidwe, ndipo timapepalato tinali tatsopano, tolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, tomatidwa pa msinkhu wa maso a munthu wamkulu. Ndinagwira pachifuwa. Makiyi a shopu anali pa chingwe m'khosi mwanga. Anandimangira ndi iwo, ati matumba a buluku langa ndi obooka. Ndinapisa m'thumba, linali lathunthu.

Ndinafuna kufunsa, koma ndinaopa yankho. Ndinadzuka tiyi asanathe.

“Mubwerere msewu womwewu,” anatero ali pakhomo. “Winawu akukumba.”

Pobwerera ndinali ndi nzeru imodzi yokha: ndipeze mtengo wina, ndiuzunguze ndekha, ndiugobe, wina asadziwe. Pamene mitengo ya hotelayi inkabwera inali isanu ndi inayi, itatu yapadera, zimenezo ndinkazikumbukira bwino. Kuseri kwa shopu tili ndi kashedi ka malata kosungiramo matabwa. Sindinalowe kukhomo la kutsogolo, kumene kunkamveka pulena ya a Wailesi. Ndinazembera kumbali ngati wakuba pa shopu yanga yomwe.

M'kashedimo munali motentha, mwa fungo la utomoni ndi makoswe. Pamalo pa mitengo yapadera panali umodzi wokha. Ndinasuzumira kuseri kwa mulu wa mapulanga, ndipo pansi, pafupi ndi khoma, panali zinthu ziwiri zazitali zitafunditsidwa lona.

Manja sankafuna, koma ndinakoka lonayo.

Inali mizati iwiri, yogobedwa kale. Kumutu kwa uliwonse kunali nambala ya pensulo, 2 ndi 3, ndipo dzanja lake linali langa. Palibe wina amalemba 2 wa kamchira kotero. Ndinagwada, ndinayendetsa zala pa woyamba. Kamsana kakuthwa, chimsana chotambalala. Wachiwiri chimodzimodzi, kungosiyana malo.

Pa wa nambala 3 panalinso china. Pa kamsana kopyapyalako panali mtanda wa pensulo wozunguliridwa ndi mzere. Chimenecho ndi chizindikiro changa, chimene ndimaika pa ntchito yokanidwa. Ndachiika pa zitseko za anthu ambiri, ena mpaka anandida nacho. Ndiye kuti mzati umenewu ndinauona ndi maso angawa. Ndinaugwira, ndinapeza cholakwacho, ndinatenga pensulo kukhutu n'kuukana.

Ndinafufuza m'mutu monse, ngodya ndi ngodya. Munalibe kanthu. Ndinkakumbukira ndikugoba wachiwiri, ndikugoba wachitatu, ndikuiyamikira kuti yatuluka bwino. Za mtandawo, ngakhale kafungo.

Apa mantha anasintha mtundu. Kuphonya bowo ndi kwina. Koma kodi tsiku limenelo ndinakhalanso pansi pa utuchi? Mtima unagundanso m'makutu, ndinayendanso mumsewu ndikutchula mayina a ana, n'kudzuka mawa lake ndikuyimba mluzu? Ndinkayesa kuti lero ndi tsiku loyamba la tsoka langa. Mwina linali lachitatu. Mwina ndinali nditalowapo kale m'kashedi muno, n'kukoka lona yomweyi. Ndinakhala pa mapulanga, dzuwa likuswa mtengo panja.

Nditapezako mphamvu ndinalowa m'shopu kudzera khomo la kumbuyo. A Wailesi anali panja kutsogolo, akukambirana ndi mayi wina za kabati. Ndinapita pa mashelefu, ndinavundukula mabulangete pa mizati yotha ija. Woyamba ndi wachinayi, yanga, yoyera mpaka kumapeto. Wachiwiri ndi wachitatu, timisana tofanana bwinobwino, manambala olembedwa moyesera dzanja langa, kamchira ka 2 kochita kunyanya. Ndinayang'ana kumapeto kwa ngalande. Munthu anayesetsa kusalaza, anayesetsa ndithu, koma moto ukalowa m'thabwa sutuluka wonse. Timadontho tofiirira tinali pamenepo, ngalande iliyonse.

Alamu anasaina.

Anagoba liti? Ndinawerenga masiku. Lachinayi lina mayi anandikakamiza kupita kukapimitsa maso, tinakhala pa mzere tsiku lonse. Lachinayi linzake anati tikaone mphwawo wodwala kutsidya kwa tauni, ndipo tinakapeza wodwalayo akuchapa makatani. Nkhanga zinapangana kusanapse. Munthu ndi mlongo wake ankandiyendetsa ngati mwana, ine ndikuyesa ndine mwini shopu.

Mkwiyo unabwera, ndipo ndinaulandira bwino chifukwa unali wofunda kuposa mantha. Ndinafunditsanso mabulangete. A Wailesi atalowa, maso awo anapita m'bokosi lopanda kanthu, kenako pakona pa chiguduli, kenako pansi.

“Wachisanu ndauimika uko kuti upume,” ndinatero. “Mawa tigoneka wachisanu ndi chimodzi.”

“Chabwino, alamu.”

Mawu awiri okha, kuchokera kwa munthu amene amatha kufotokoza kugula buledi kwa ola lathunthu.

Ndinaweruka msanga. Pa chikhatho ndinalembapo ndi bolopeni kuti: choko, gudumu, lawira. Mayi ataona anafunsa, ndinati ndi za kasitomala. Nzeru yanga inali yakuti ndilembe choko pa bowo lachitatu lililonse ndisanayatse makina. Ndikatero, mutu uchite zake, dzanja lizingotsata choko. Bambo akanandiseka kuti choko ndi cha ophunzira, koma bambo anali atagona. Ndinkangofuna mzati umodzi wokha, wangwiro, woti ndiuimike pakati pa shopu n'kuwafunsa awiriwo kuti wodwala ndani pano.

Lachitatu ndinadzuka ndikukumbukira zonse, ndipo ndinathokoza Mulungu chifukwa cha chimenecho. Ndinafika dzuwa litangotuluka, ogulitsa nyuzi akumasula mitolo. Loko anali wotsegula kale. A Wailesi, amene pa zaka makumi awiri sanafikepo ine ndisanafike, anali akusesa.

“Lero mwagona m'shopu, alamu?”

“Tulo tinatha msanga.”

Tinanyamula mzati wachisanu ndi chimodzi, tinaugoneka m'bokosi, ndinaupana. Ndinatenga choko, ndinagwada kumutu. Ndinalemba mosathamanga, milomo ikuyenda. Nditamaliza ndinawerenga zizindikirozo katatu, ndipo katatu konse zinakwana khumi ndi ziwiri. Ndinabaya msomali pa choyamba. Ndinavala magalasi, ndinaika rauta pa njanji zake, ndinagwira zigwiriro zonse ziwiri. Manja anali phee, osanjenjemera. Mumtima ndinati, onani tsono.

Ndinakanikiza switchi. Zii.

Ndinakanikizanso. Babu la padenga linkayaka, firiji ya sitolo yoyandikana nayo inkamveka kulira kuseri kwa khoma.

Tsache linasiya kulira kumbuyo kwanga.

“Alamu,” anatero a Wailesi, mawu ali okwera pang'ono ngati a mwana wonena ndakatulo pasukulu, “ndinaiwala kukuuzani. Makinawo afa. Dzulo mutachoka ndinati ndiwayese, anangotulutsa kafungo. Ndawaimbira amakanika, akuti mwina sabata yamawa.”

Sindinacheuke. Ndinatsata chingwe ndi dzanja mpaka kukhoma, ndinazula pulagi. Pulagi imeneyo ndi yakale, yakuda ndi thukuta ndi fumbi, ndipo sikuluwu yake inachita dzimbiri kalekale. M'mawa umenewo mu mng'alu wa sikuluwuyo munkawala chitsulo chatsopano, pamene sikuludiraiva inaterereka. Ndinacheuka pang'ono. Dzanja lamanzere la alamu linali pa thumba la shati, litaphimba ngati muli kambalame.

Nkhani ija ndinawauza ndekha, pa benchi iyi, magetsi atazima. Anaisunga bwino. Sanasinthe ngakhale amakanika.

Magazi anakwera kumutu. Mawu anali atafika kale pa lilime: bweretsani fyuziyo, shopu ino ndi ya bambo anga, inu munabwera muno simukudziwa kusiyanitsa pulena ndi chitseko. Ndikanawanena. Ndikanalanda, ndikanamanga pulagi, ndipo iwo sakanalimbana nane, ndimawadziwa. Ndinaloza gudumu kuti ndiwaonetse choko changa, kuti aone kuti munthu wodwala mutu sangaganize nzeru yotere.

Chala changa chikuloza, maso anatsata. Zizindikiro zoyera zinazungulira gudumu mwadongosolo, mabowo awiri akuda pakati pa chilichonse. Koma cha kumunsi, kumanja, ziwiri zinayandikana, pakati pawo pali bowo limodzi lokha. Pafupi ndi msomali, pamene mzere unathera, panali mabowo atatu opanda choko.

Khumi ndi ziwiri, inde. Ndinawerenga katatu, ndipo katatu konse sindinaone.

Dzanja linatsika lokha. A Wailesi nawo anali ataona, sindikudziwa kuyambira liti. Maso awo anali ofiira, ndipo m'dzanja lamanja anali atagwira kale sandipepa, atamupinda patatu monga ndimapindira ine.

“Podikira amakanika,” anayamba, n'kulekera pomwepo.

Ndinayang'ana pansi. Chala changa chachikulu chinali chikusisita sikuluwu ija, uku ndi uku, chikumva kukanda kwa chitsulo chatsopano. Ndinachiyang'ana chalacho ngati cha munthu wina, chifukwa ndinali nditachionapo chikuchita zomwezo, pa pulagi ina, pamalo omwewa. Zaka makumi atatu ndakhala ndikudziuza kuti bambo sanazindikire kanthu. Mmisiri amene anandiphunzitsa kumva ndi chala chimene diso laphonya, asamve sikuluwu yomasulidwa m'mawa womwewo? Anadziwa. Anaima pamene ndinaimapa, ndi mantha omwewa, akudziwa chimene chikubwera ndi kampando kamene kakuwadikira. Anayang'ana mwana wawo ataima ndi bodza lake, ndipo anamumvera chisoni.

Ndinkaopa kwambiri, ndipo ndikuopabe. Koma alamu anali ataima pamenepo ngati munthu wodikira chikwapu, tsache lili pansi.

Ndinaika pulagi pa benchi mosamala. Ndinavula magalasi, ndinawapinda.

“Makina amafa, alamu,” ndinatero. “Ndipatseni sandipepayo.”